Asuweni, za grinder ndi drill munafunsa zija

Moni nonse a pagulu pano, makamaka amayi aakulu, amene ndikudziwa kuti amamvetsera uthenga uliwonse ngakhale kuti sayankha. Asuweni, ndaumva uthenga wanu wofunsa ngati n'kwanzeru kugula grinder (chodulira ndi kusalazira zitsulo) ndi drill (choboolera) zotsika mtengo, monga za Ingco kapena Total zimene zikupezeka m'mashopu ambiri masiku ano, kapena kudikira kuti ndalama zikwanire za Makita, Bosch kapena DeWalt. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndanena kuti limeneli si funso la munthu wofuna kungokonza geti la pakhomo pake. Munthu amene wakhala akuwotcherera pa shopu ya eni ake zaka zonsezi, akayamba kufunsa mitengo ya zida atangogulitsa kumene soya, ndiye kuti mumtima mwake waganiza zoima payekha. Musakane, asuweni. Inu ndimakudziwani kuyambira pamene tinkaweta mbuzi kwa agogo, ndipo simunayambe mwafunsapo za chinthu chimene simunachisankhe kale.

Tsono mumvetsere za amalume aang'ono aja a ku Katete, amene kwa inu ndi atate aang'ono. Chaka chija thonje linawachitira bwino, anapita ku Lusaka kukagula drill ya batire ya mtengo wapatali. Ayi, ndinene bwino, sanapitire drill. Anaperekeza agogo kuchipatala, ndipo drill ija anakaiona pobwerera, naikonda. Inali yokongola ndithu, ili m'bokosi lake pamodzi ndi chaja, ndipo inatha pafupifupi ndalama zonse za thonje zimene zinatsala. Ndi tindalama tochepa timene tinawatsalira anagula grinder yotchipa kwambiri, yopanda ngakhale dzina loti munthu angalitchule.

Taganizani, ntchito ya amalume inali mafelemu a mawindo, zitseko zachitsulo ndi mabagala. Ntchito imeneyo ndi ya kudula ndi kusalaza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo kuboola kumabwera mwa apo ndi apo, pomangirira loko kapena mahinji. Choncho drill ija inakhala m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, yokulungidwa m'chitenje cha akazi awo, ndipo inkatuluka akabwera alendo ofunika kuionetsedwa. Aliyense wa ife anaigwirako, koma ataima pambali eni ake. Grinder ija ndiyo inkalira tsiku lonse.

Kenaka anapatsidwa ntchito yaikulu, ya mawindo onse a tchalitchi chatsopano cha kumudzi, ndipo akuluakulu a mpingo anali atalengeza kale tsiku lotsegulira. Ine ndinali komweko pa tchuthi, ndikuwagwirira zitsulo. Ntchito isanafike pakati, grinder inayamba kusintha kaliridwe, ikumveka ngati ikukokera mphamvu kutali, ndipo m'timabowo ta mpweya munayamba kuoneka moto wobiriwira. Posakhalitsa panamveka fungo la waya wopserera, utsi unatuluka, grinder n'kukhala chete. Amalume anaimasula pomwepo pa mphasa, ndipo amecha, chigawo cha mota chozungulira chokulungidwa waya, inali yakuda bii, vanishi yense atapsa. Anaiika amecha ija m'pepala la shuga n'kuyamba kuzungulira nayo. Pa Katete sanaipeze. Anabwera kuno ku Chipata, nalowa shopu ndi shopu ku Down Shops, napitanso kwa anyamata okonza zamagetsi ku Kapata, koma aliyense ankangoitembenuza m'manja n'kunena kuti ya mtundu umenewo sanaionepo. Atabwerera kunyumba anati agulitse drill kuti apeze grinder ina, koma atatsegula sutikesi anapeza batire litafa chifukwa chokhalitsa osatchajidwa, ndipo wogula aliyense ankafunsa za batire asanafunse china chilichonse. Mawindo otsala anapatsidwa munthu wina. Amayi aakulu akukumbukira mmene nkhaniyo inawapwetekera, chifukwa sanapite n'komwe ku mwambo wotsegulira tchalitchi.

Patapita nthawi anagula Makita yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mmisiri wina amene ankasamuka. Inali yokalambakalamba, pulasitiki yake itachita kuyera ndi dzuwa, koma mabulashi, timakala topereka magetsi ku amecha, akatha ankangotsegula, kuchotsa otha aja, kuika atsopano, ntchito n'kupitirira tsiku lomwelo. Imeneyo ndiyo inaphunzitsa ana awo sukulu.

Pepani, ndatalikitsa, koma ndikufuna mumvetse chimene chimachitika m'kati mwa chidacho. Grinder ili ndi kafani kamene kamakoka mpweya kuti kaziziritse mota, ndipo pamodzi ndi mpweyawo kamakokanso fumbi lachitsulo limene mukudula. Fumbi limenelo limapala vanishi wa pa waya pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumamalizitsa. Zida za mtengo wokwera kawirikawiri zimakhala ndi waya wotetezedwa bwino, mabeyaring'i olimba ndi magiya osadyeka msanga, n'chifukwa chake zimapirira ntchito ya maola ambiri. Zotsika mtengo sindikuzinyoza ayi. Za mayina odziwika monga zimene mwatchulazo zikugwira ntchito m'mashopu ambiri a amisiri, ndipo kwa munthu woboola mabowo angapo pa sabata n'zokwanira. Ngakhale a Bosch eni ake amasiyanitsa zida zawo, zamtundu wa buluu n'za amisiri, zobiriwira n'za ntchito zapakhomo. Zimenezi zikusonyeza kuti opanga amayang'ana kuchuluka kwa maola amene chida chidzagwire, ndipo inunso muyang'ane pomwepo.

Pa nkhani ya mabatire, popeza ndikudziwa kuti maso anu ali pamenepo kuyambira 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima nthawi yaitali tsiku lililonse, musathamange. Makina anu owotcherera amafuna magetsi kapena jenereta, ndiye magetsi akapita, grinder ya batire ikudulirani zitsulo zimene simungathe kuzilumikiza. Komanso kawirikawiri batire la kampani ina sililowa pa chida cha kampani ina, kotero mukagula chimodzi mwadzimangirira ku kampani imeneyo. Ndipo wogulitsa asakunamizeni kuti batire lolembedwa 20V ndi lamphamvu kuposa la 18V. M'kati muli maselo 5 ofanana, ena amalemba mphamvu ya batire likangochoka pa chaja, ena amalemba ya pamene likugwira ntchito.

Palinso china... dikirani, ndisaiwale. Madisiki. Apa pokha musachepetse ndalama ngakhale pang'ono. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, pamene yaikulu ya mamilimita 230 imazungulira cha m'ma 6,500. Munthu akachotsa chotchingira n'kuika disiki yaikulu pa grinder yaing'ono, monga mmene anyamata ena amachitira m'mbali mwa msewu, disikiyo imathamanga kupitirira malire ake ndipo ikhoza kusweka n'kulasa nkhope. Pa disiki iliyonse yabwino pamalembedwa liwiro limene siyenera kupitirira, ndipo pa kachitsulo ka pakati pamadindidwa nthawi yothera ntchito. Muziwerenga zimenezo, ndipo magalasi oteteza maso muzivala, osati kuwakoleka pachipumi monga munkachitira ndi chipewa cha sukulu chija.

Tsopano yankho lake ndi ili. Ndalama za soya zikukwanirani kuyamba, malinga musazigawe mofanana pa zida zonse. Chida chimene chidzakhale m'manja mwanu tsiku lonse, chomwe kwa inu ndi grinder, mugule cholimba, ngakhale mtengo wake utakupwetekani. Drill mugule yotsika mtengo ya chingwe, ya dzina lodziwika, ndipo idzakutumikirani mpaka shopu itayamba kubweza ndalama. Musanapereke ndalama pa chilichonse, mufunse wogulitsa kuti akuonetseni mabulashi ake, siwichi yake ndi amecha yake, osati akulonjezeni kuti adzaitanitsa ku Lusaka, koma azitulutse muzione ndi maso. Ngati alibe ndipo sakudziwa kumene zimapezeka muno mu Chipata, chisiyeni chidacho, kaya ndi chotchipa kaya ndi chodula, chifukwa Lusaka ili pa mtunda wopitirira makilomita 500 ndipo kasitomala wa geti sadikira basi. Mutengenso lisiti ndi waranti yolembedwa, popeza zida zachinyengo zokhala ndi mayina a makampani aakulu ziliko, ndipo mukaona Makita ikugulitsidwa pa mtengo wa chida wamba mukayikire.

Ndibwereze, chifukwa inu asuweni mumamva mbali yokha imene yakusangalatsani. Sindinanene kuti mugule zodula zokhazokha, sindinanenenso kuti mugule zotchipa zokhazokha. Ndati ndalama zambiri zipite pa grinder, zochepa pa drill, ndipo zonse zikhale zoti zikawonongeka zikonzedwe konkuno. Zotsala musunge za madisiki, ndodo zowotcherera, chingwe chokhuthala cha magetsi ndi lendi ya malo, chifukwa miyezi yoyamba maoda amabwera modumphadumpha.

Amayi aakulu, ngati adzakufunsani zimene ndanena, muwauze chonchi: grinder yabwino, drill wamba, zipangizo zosinthira zopezeka mu Chipata. Ndipo asuweni, abwana anu mukawatsanzike bwino musanachoke, popeza ntchito zikawachulukira adzazitumiza kwa munthu amene anasiyana naye mwamtendere. Loweruka m'mawa ndili ndi mpata. Mundipeze kunyumba tipitire limodzi ku Down Shops, ndipo mubwere ndi ndalama zimene muli nazodi, osati zimene munauza alamu.