Akuti tikaone kachisi wa Shinto ku Tokyo, ndipite?

FUNSO: Akuntchito akunditumiza ku Tokyo kukachita maphunziro ndiye pa pulogalamu ayikapo zoti Loweruka lina tikaone kachisi wa Meiji Jingu. Ine ndine wa mvano, sindifuna kukagwadira zosadziwa koma sindifunanso kukanyozetsa eni ake. Nditani?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Pitani mayi, musaope. Kulowa nkwaulere ndipo palibe akakufunseni za mpingo wanu. Kachisiyu ndi wa Shinto, chipembedzo chamakolo cha ku Japan, ali pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Harajuku, anamangidwa mu 1920 polemekeza mizimu ya Mfumu Meiji ndi mkazi wake Shoken, ndipo wazunguliridwa ndi nkhalango yochita kubzalidwa ndi anthu, mitengo pafupifupi 100,000, moti mukangolowa phokoso la mutauni limatheratu.

Choyamba muona geti lalikulu la mitengo lopanda chitseko, amati torii. Eni ake amawerama pang'ono asanadutse ndipo amayenda chakumbali chifukwa pakati pa njira amati mpodutsa mizimu, ma kami. Kuyenda kumbali sikupembedza ayi, ndi ulemu basi, ngati mmene timavulira chipewa podutsa pa maliro a munthu osamudziwa.

Kutsogolo kuli posamba m'manja. Mukapeza chikho chachigwiriro chachitali tungani kamodzi ndi dzanja lamanja, sambitsani lamanzere kenako lamanja, thirani timadzi pachikhatho chamanzere muchukuche mkamwa nkulavulira pansi pambali, koma chonde chikhocho chisafike pamlomo ndipo madziwo asabwerere momwe mwatungamo, apa ndi pomwe alendo ambiri amayalukira.

Pemphero lenileni lili pakhomo pa nyumba yaikuluyo. Amaponya kobiri m'bokosi, ambiri ka 5 yen (ndalama ya ku Japan), kuwerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, kupempha chamumtima nkuweramanso kamodzi. Izi ngati mtima ukukana zisiyeni, imani pambali mwakachetechete anzanu amalize, palibe angakuyang'aneni ndi diso loipa. Chimodzimodzi tithumwa ta omamori ndi timatabwa ta ema tolembapo zopempha, sizokakamiza kugula. Zithunzi jambulani panja, koma pamalo opemphererapo amaletsa.

China choti mudziwe, a Shinto imfa amaiona ngati chodetsa, ndiye wofedwa wachibale wapafupi amayamba wadikira masiku pafupifupi 50 asanapite kukachisi. Ndipo ngati ulendowu ungagwere pa 1 mpaka 3 Januwale apempheni asinthe tsiku, kumadzaza anthu pafupifupi 3 miliyoni, mudzangoona misana ya anthu.