Zimene Gustav Born anachita pa maplatelet

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake dzina la Gustav Born, wasayansi wa ku Britain, silisowa m'mabuku a matenda a magazi. Nkhani yagona pa 1962. Maplatelet ndi tizinthu ta m'magazi timene timaunjikana pabala kuti magazi asiye kutuluka. Born ankatenga madzi achikasu a m'magazi, amene amachita mbuu chifukwa cha maplatelet, n'kuwaunika ndi nyali. Akathiramo ADP, mankhwala amene amachititsa maplatelet kugwirana, maplatelet aja ankagwirana timibulu, madziwo n'kuyera, kuwala n'kumadutsa kwambiri. Basitu, njira yoyezera kagwiridwe ntchito ka maplatelet inapezeka. Ena amatama wofufuza powerenga mapepala amene walemba, ine ndimaona kachipangizo kake koyezera maplatelet ndi kuwala. Mpaka lero malabotale akuluakulu amakagwiritsa ntchito poyeza odwala amene magazi awo amachedwa kuundana.