Kwa achimwene ofunsa ngati asilikali a boma amaphadi othawa nkhondo

Achimwene, funso lanu lija loti kodi asilikali enieni a boma angaphe anthu othawa nkhondo kapena ndi zigawenga zokha zimatero, ndaliona ndili mu minibasi yopita ku Limbe koma netiweki inakana, nde ndikuyankha pano. Eya amapha, ndipo sikamodzi.

Tisapite patali, pa Mozambique pomwepa. Pa 9 August 1976 asilikali a Rhodesia (Zimbabwe ya lero) ya Ian Smith, aja ankatchedwa Selous Scouts, anadumpha boda atapenta magalimoto awo ngati a Frelimo, yunifomu nayo ya Frelimo. Analowa mu kampu ya Nyadzonia m'mawa, anthu nkuthamangira kukawalandira poganiza kuti ndi abale, basi mfuti zinayamba. Anafa anthu opitilira 1,000, ena anamira mu mtsinje pothawa. A Smith anati inali kampu ya ZANLA, gulu la mfuti lomwe linkamenyera ufulu wa Zimbabwe, a UN anati munali othawa nkhondo. Mawu amenewa muwasunge achimwene chifukwa mumva omwewo kulikonse.

Cassinga ku Angola, 4 May 1978, asilikali a South Africa anayamba ndi mabomba a ndege kenako nkutsika pa parachuti, anafa anthu pafupifupi 600 ochokera ku Namibia, amayi ndi ana ali momwemo. Chifukwa chake? Akuti inali kampu ya SWAPO, gulu lomwe linkamenyera ufulu wa Namibia. Mpaka lero 4 May ndi holide ku Namibia.

Ndipo musati ndi za ku Africa kokha. Ku No Gun Ri ku South Korea, July 1950, asilikali a America anaombera anthu a m'midzi omwe anabisala pansi pa mlatho wa njanji, masiku angapo ndithu, ati poopa kuti pakati pawo pabisala adani a ku North Korea. Opulumuka ankanena koma womva panalibe, mpaka 1999 pomwe bungwe la atolankhani la Associated Press linaitulutsa nkhaniyi. Mu 2005 boma la South Korea linatsimikiza mayina 163 a omwe anafa kapena kusowa.

Mwaonatu? Kawirikawiri mkulu wa asilikali saima nkunena kuti tapha othawa nkhondo, nyimbo yake ndi imodzi, "muli zigawenga mmenemo". Ndipo ndisaname, nthawi zina a mfuti amabisaladi mu makampu, izo nzoona. Koma ine pomwe ndimakanira ndi apa: ukasowa nkhuku imodzi suotcha mudzi wonse. Malamulo a Geneva a 1949 ndi zoonjezera zake amati msilikali asiyanitse wa mfuti ndi munthu wamba, sananene kuti ukakayika uombere onse.

Imene imandiwawa kwambiri ndi ya Kibeho ku Rwanda, April 1995. Awa sanatuluke nkomwe mdziko mwawo, anali mu kampu, asilikali a UN a ku Zambia ndi Australia ali pompo akuona asilikali a boma akuombera khamu. A ku Australia anati anafa osachepera 4,000, boma linati 338. Tangoonani kusiyanako, ndiye mundiuze kuti mayi amene mwana wake sali mu 338 muja akadandaule kuti. Patangopita miyezi itatu ku Srebrenica ku Bosnia zinachitikanso a UN ali pafupi, anaphedwa amuna ndi anyamata opitilira 8,000, koma kumeneko bola mkulu wa asilikali omwe anapha anthuwo, Ratko Mladić, anagamulidwa kukhala kundende moyo wake wonse mu 2017.

Ife a Malawi nkhanizi sizachilendo, tinasungapo anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni nkhondo ya Renamo ndi Frelimo isanathe mu 1992. Agogo anga aku Nsanje ankakamba za ku kampu ya othawa nkhondo ya Mankhokwe, akuti anthu ankafika mapazi atatupa, ena atangofunda masaka. Ndinawafunsapo ndili mwana kuti amathawa ndani, Renamo kapena boma? Anati amayi ena omwe ankawalimira ganyu anawayankha kuti usiku suona yunifomu, umangomva nsapato.