Wothawa aliyense sapulumuka: nkhani ya flee ndi escape

Mtsikana wina wa Folomu 4 wanditumizira imelo. Akuti analemba "the villagers fleed the flood", aphunzitsi n'kungodula ndi cholembera chofiira osanena kanthu. Ndiye akufunsa ngati flee ndi escape n'chimodzimodzi.

Mwana wanga, funso lakoli landifikitsa kwathu ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu ankawoloka msewu umenewu usiku, mayi mwana kumsana, mtolo pamutu, mnyamata akukoka mbuzi pachingwe. Agogo anga anapereka khitchini yawo kwa banja lina lochokera ku Angónia, tsidya la Mozambique. Tinkalankhula chinenero chimodzi, moti ife ana tinkangoona ngati abwera achibale odzacheza, mpaka tsiku lina ndinamva mayi wa banjalo akulira mwakachetechete kuseri kwa nkhokwe. Amuna awo anatsala m'njira. Ananyamuka limodzi, koma bamboyo sanafike.

Bambo ameneyu anathawa, sanapulumuke. Flee amanena za kuthawa basi, mantha ndi liwiro, zoopsa zili kumbuyo kwako. Sakuuza ngati munthuyo anafika. Escape ndiye amakuuza kuti watulukamo. Pofika 1992, pamene nkhondoyo inatha, dziko lathu linali likusunga anthu othawa kwawo opitirira 1 miliyoni, ndipo ndimadabwa kuti m'kalasi mawu amenewa timawaphunzira ndi ziganizo za mbala yothawa apolisi, ngati kuti tilibe mbiri yathuyathu.

Zimene anachita aphunzitsi akozo ndiye zimandipweteka mutu. Kudula mawu osafotokoza si kuphunzitsa, ndi ulesi, ndinena mosapsatira. Mwana walakwa chifukwa watsatira lamulo lomwe munamuphunzitsa nokha, loti nthawi yakale timawonjezera -ed. Mphindi imodzi yokha inali yokwanira kumuuza kuti mneni flee satsatira lamulolo, nthawi yake yakale ndi fled. Koma ayi, timaloweza mindandanda ngati ndakatulo, mayeso a MSCE akatha zonse n'kuuluka. Chonsecho fled timamumva pa nkhani za Chingerezi pawailesi chaka ndi chaka: Amalawi atathawa zipolowe ku Durban mu 2015, anthu a ku Chilobwe atathawa matope a namondwe Freddy mu 2023.

Yankho lako tsono

Ndi flee, fled, fled. Fleed kulibe. Usasokoneze ndi flew, yemwe ndi wa fly, kuuluka, kapena flea, komwe ndi utitiri. Ungalembe "fled the village" kapena "fled from the village", zonse n'zolondola, ndipo kumene anathawira ndi "fled to Malawi". Mkaidi wotuluka m'ndende mozemba, "escaped from prison". Pocheza wamba anthu amangoti "ran away". Chiganizo chako chija konza: "the villagers fled the flood". Ngati ukufuna kunena kuti onse ali moyo, lemba "escaped".