Geni ya majezi osainidwa: mmene imayendera kuchokera ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati mungawonjezere majezi osainidwa ndi osewera mpira pa katundu amene mumaoda ku Joni, komanso mmene munthu angadziwire kuti siginecha ndi yeniyeni. Nzotheka, koma si geni ngati ya majezi wamba omwe timapikula ku Dragon City kapena Small Street, ogula makumi awiri lero, pofika Loweruka atha. Iyi ndi ya kasitomala mmodzimmodzi, ndipo ndalama zake amalipirira umboni woti wosewerayo anagwiradi cholembera pa nsaluyo.

Mukumbuke jezi imene Maradona anavala pothira England zigoli ziwiri mu 1986. Inagulidwa mapaundi 7.1 miliyoni ku Sotheby's, kampani yogulitsa katundu pa okushoni, mu 2022 chifukwa njira yake inali yodziwika: Steve Hodge, wosewera wa England, anasinthana naye jezi masewero atatha, kenako inakhala zaka zambiri ikuonetsedwa ku National Football Museum ku Manchester. Ife sitifika kumeneko, koma funso ndi lomwelo: yachokera kwa ndani, ndipo ndani angaikire umboni?

Kunja kuli makampani omwe ntchito yawo ndi kupima masiginecha, monga PSA/DNA, Beckett ndi JSA ku America. Ena ngati Icons ku England amakonza okha tsiku loti wosewera asaine iwo akuona. Katundu wawo amabwera ndi kastika konyezimira kokhala ndi nambala. Nambalayo mukailowetse nokha pa webusaiti ya kampaniyo, osadina linki imene wogulitsa wakutumizirani pa WhatsApp. Chikalata chokha musachidalire, aliyense wokhala ndi printa atha kuchipanga. Apolisi a FBI atafufuza gulu la akamberembere pa Operation Bullpen chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza kuti masiginecha ndi zikalata zomwe zinali zabodza.

Diso lanunso lizolowere. Inki ya maka imalowerera pang'ono mu ulusi, pena imadumpha pomwe nsalu inakwinyika kapena pamsoko. Siginecha yodinda ndi makina imangokhala pamwamba, yosalala bwinobwino. Wogulitsa akakhala ndi majezi awiri, muwagundanitse: zikafanana mpaka kadontho komaliza, ikani pansi, palibe munthu amasaina mofanana choncho kawiri. Ndipo wina akati ali ndi ya Messi pa mtengo wa nsapato, musataye naye nthawi.

Kwa ife oyenda pa basi, chanzeru ndi kuyamba ndi matimu a komweko: Kaizer Chiefs, Orlando Pirates, Mamelodi Sundowns. Nthawi zina osewera amakumana ndi masapota m'mashopu. Mumagula jezi ya orijino, kusunga lisiti, kuima pamzere, mnzanu nkumajambula vidiyo yoonetsa nkhope ya wosewerayo ndi dzanja lake likusaina. Jezi yakuda ngati ya Pirates imafuna maka yasiliva, yakuda siioneka. Kumudzi ambiri amafunsa za Gabadinho Mhango chifukwa cha chigoli chija anathira Morocco ku AFCON mu Januwale 2022. Za ragibi, ngakhale ma Springboks, timu ya dziko la South Africa, anatenga chikho cha dziko lonse mu 2019 ndi 2023, kwathu ozifuna ndi ochepa zedi.

Pa msewu, jezi yotere siipita mu ngolo ya basi. Kutentha kwa ku Beitbridge ndi ku Tete kumamatitsa inki ku pulasitiki. Ikani pepala loyera pamwamba pa siginecha, osapinda pamenepo, ndipo chikwamacho chikhale pamiyendo panu. Felemu ya galasi mukapangitse kumudzi.

Pa Mwanza kapena Dedza muionetse kwa a MRA pamodzi ndi lisiti. Dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono silikhudza katundu wa ku South Africa chifukwa dzikolo silili m'bungwelo, ndiye msonkhowo muuwerengeretu pa mtengo musanauze kasitomala.

Ine sindigula popanda oda. Kasitomala amatchula wosewera, amapereka theka ngati dipoziti, ndipo timagwirizaniratu kuti ndikalephera kupeza ya umboni wokwanira, ndalama yake ibwerera yonse. Mukampatsa jeziyo mumpatsenso lisiti ndi vidiyo, ndipo mumuuze kuti siivalidwa, siichapidwa, komanso isapachikidwe pomwe dzuwa limawomba.