Kwa achemwali amene mwafunsa za Camino de Santiago

Achemwali, ndawerenga funso lanu kawiri, mwati muli ndi zaka 52, holide yanu ndi masabata awiri okha ndipo mukufuna kuyenda Camino, ulendo wachipembedzo wapansi wopita ku mzinda wa Santiago ku Spain komwe kuli manda a Yakobo Woyera, pokumbukira malemu mayi anu, ndiye mukufunsa ngati mungakwanitse komanso muyambire pati. Pepani kaye ndi maliro. Ine ndinayenda njira imeneyi ndiye ndikuuzani mmene ndinaonera.

Kukwanitsa mukwanitsa, zimenezo musadandaule nazo, ndinakumana ndi agogo a zaka za m'ma 70 akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo zawo ziwiri mpaka anakafika. Koma njira yonse ya Camino Francés kuchokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port ku France mpaka ku Santiago ndi makilomita pafupifupi 780, imafuna mwezi wathunthu ndi masiku ena pamwamba, ndiye pa masabata awiri iwalani. Anthu ambiri akuuzani kuti yambirani ku Sarria chifukwa setifiketi ija amati Compostela amapereka kwa amene wayenda wapansi makilomita 100 omaliza, ndipo Sarria ili cha pa 115. Ine ndikuti ayi, yambirani ku Astorga. Ndi makilomita pafupifupi 260, masiku 11 kapena 12, mutsala ndi tsiku lopita ndi lobwerera. Chifukwa chake ndi ichi, kuyambira Sarria njira imadzadza, magulu a ana asukulu, anthu othamangira malo ogona, phokoso lokhalokha, pomwe inu mwati mukufuna nthawi yolira ndi kupemphera. Nthawi imeneyo muyipeza m'mapiri a pakati pa Astorga ndi Sarria.

Tsiku loyamba mukagona ku Rabanal del Camino, kamudzi kakang'ono ka nyumba zamiyala, madzulo amonke a Benedikito amaimba mapemphero m'katchalitchi kakale, pitani olo mutatopa bwanji. M'mawa mwake mukwera kudutsa Foncebadón mpaka pa Cruz de Ferro, mtanda wachitsulo uli pamwamba pa mzati wamtengo, pansi pake pali mulu waukulu wa miyala. Mwambo wake ndi woti munthu umabwera ndi mwala kuchokera kwanu n'kuusiya pamenepo pamodzi ndi chimene chikukulemera mumtima. Ine ndinatenga kamwala ka pabwalo la kwathu ku Ntcheu pomwe bambo anga ankakonda kukhala madzulo, ndinakasunga m'thumba la chikwama ulendo wonse, ndipo nditakaika pamulupo ndinakhala pansi nthawi yaitali ndithu osatha kunyamuka, palibe anandifunsa kanthu chifukwa aliyense pamenepo ali ndi zake. Ngati kuli wachibale akubwera kuchokera kumudzi muuzeni akutengereni kamwala ka pakhomo pa mayi, kakang'ono basi.

Mukachoka pamtandapo samalani kwambiri, kutsetsereka kopita ku El Acebo ndi Molinaseca ndi kwa miyala yoterereka ndipo maondo amamva kuwawa kuposa pokwera, apa ndi pomwe ndodo zimagwira ntchito. Kenako Ponferrada, Villafranca del Bierzo komwe kuli khomo la tchalitchi lotchedwa Puerta del Perdón, kale odwala amene alephera kupitiriza ankalandira chikhululukiro pomwepo ngati afika ku Santiago, kenako chikweza cha O Cebreiro chomwe ndi chowawa koma mukafika pamwamba mwalowa Galicia, chigawo cha Spain komwe kuli Santiago. Wansembe wa kumeneko, bambo Elías Valiña, ndi amene anayamba kujambula mivi yachikasu yolozera njira m'zaka za m'ma 1980, ndiye kusochera n'kovuta, mumangotsata muvi ndi chizindikiro cha chigoba cha m'nyanja.

Galicia inandikumbutsa kumudzi kuposa malo ena onse amene ndafika ku Ulaya kuno. Ng'ombe zikudutsa pamsewu, fungo la ndowe m'mamawa, agogo ali m'dimba la ndiwo zamasamba, pakhomo paliponse pali nkhokwe yawo yoimika pamiyala amati hórreo yosungiramo chimanga kuti makoswe asafike, ndipo chakumapeto cha ku Arzúa mumayenda m'nkhalango za bulugamu fungo lake ngati uli pa Zomba. Koma mvula imagwa nthawi iliyonse kumeneko, jekete la mvula musasiye.

Tsopano nkhani ya mapazi, ndipo apa ndikupemphani mundimvere. Tonse timati ife tinakula tikuyenda wapansi kupita kusukulu ndi kuchigayo, zoona, koma thupi lakhala zaka likukwera basi ndi sitima, ndipo kuyenda makilomita 22 lero, mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi uli ndi katundu kumsana ndi nkhani ina. Yambani pano kuyenda Loweruka ndi Lamulungu motsatizana mutabereka chikwama chomwe mudzayende nacho. Nsapato zatsopano musapite nazo, gulani msanga muzivale miyezi iwiri, zikhale zokulirapo pang'ono chifukwa mapazi amatupa. Sokosi zabwino, vaselini m'mapazi m'mawa uliwonse, ndipo mukangomva penapake pakutentha imani pomwepo mumate pulasitala, musadikire thuza lituluke. Ine ndinapirira tsiku limodzi ndikuti ndikaona pofika, linandidyera masiku atatu akuyenda motsimphina. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa thupi lanu, zovala ziwiri zosinthira zakwana, mumachapa madzulo aliwonse. Chitenje tengani, chimakhala chofunda, chopukutira, chotchinga pabedi, zonse.

Kogona ndi m'ma albergue, nyumba zogona aulendo, chipinda chimodzi anthu ambiri, mabedi osanjikiza, amuna ndi akazi pamodzi nthawi zambiri, ngati zimenezo sizikusangalatsani zipinda zanokha ziliko koma zodula. A boma la Galicia amakhala cha m'ma 10 euro, ena amangoti ponyani chimene muli nacho. Amatseka 10 koloko usiku, 8 koloko m'mawa mukhale mutatuluka. Yang'anani matiresi ngati mulibe nsikidzi musanayale. Kuti akulandireni mumafunika kabuku kotchedwa credencial, mumadinditsa m'matchalitchi, m'mabala ndi mogona, ndipo kuyambira Sarria zidindo zikhale ziwiri patsiku apo ayi setifiketi ivuta. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi viza ya Schengen ikufunika olo muli ndi mapepala a ku UK, funsirani msanga. Miyezi yabwino ndi May, June kapena September, July ndi August dzuwa limaphika ndipo anthu amachuluka, mu 2023 okha analandira Compostela anapitirira 400,000, ndiye 2027 ndi Chaka Choyera popeza 25 July, tsiku la Yakobo Woyera, ligwa Lamulungu, kudzakhala kodzadza zedi.

Mwafunsanso ngati mkazi yekha ali wotetezeka. Azimayi oyenda okha ndinakumana nawo ambiri tsiku lililonse, ndipo pofika tsiku lachitatu mudzakhala mutadziwana ndi nkhope zomwezomwezo, kupatsana moni wa Buen Camino, kugawana buledi ndi mankhwala a mapazi. Anthu akuda ndife ochepa panjirapo, m'midzi ina amakuyang'ana koma ine sindinakumane ndi choipa. Musayambe mdima usanache muli nokha, dikirani anzanu atuluke.

Mukafika ku Santiago Misa ya aulendo imakhala 12 koloko masana m'katedrale, chikwama salola kulowa nacho ndiye chisiyeni kaye kogona, fikani msanga mupeze pokhala, kenako mutsike pansi pa guwa pomwe pali manda a Yakobo Woyera mukatchule dzina la mayi. Ku ofesi ya aulendo mukhoza kupempha kuti pa Compostela yanu alembepo kuti mwayenda m'malo mwa malemu, amawonjezera mawu akuti vicarie pro ndi dzina lawo, ndiye lembanitu dzina la mayi bwinobwino pakapepala musanafike pa kauntala.