Mpunga ndi malalanje pa chithunzi cha Nainai

Achemwali, pepani ndi zovutazi, ndipo muwapepesenso alamu athu. Mwati agogo a bambo akunyumba kwanu amwalira ku China, iwo alephera kupita kumaliro, ndiye aika chithunzi cha malemu pathebulo pabalaza. M'mawa uliwonse akuikapo mpunga ndi malalanje, koma misozi simukuiona. Mukufunsa ngati izi si zamizimu, komanso kuti inu muchitepo chiyani. Ndikuyankha monga munthu wokwatiwa kubanja la ku Shandong, chigawo china cha ku China, amene analirapo agogo otere.

Ife tinkawatcha Nainai, kutanthauza agogo aakazi obala bambo. Obala mayi amatchedwa Laolao kumpoto, Waipo kummwera, ndiye afunseni bambowo kuti anali ati, muziwatchula dzina lawo lenileni. Chitchaina changa chinali chothyokathyoka, chawonso chinali cha kumudzi, koma funso limodzi ndinkalimva bwinobwino: "Chi le ma?" Wadya kodi? Ngakhale nditangochoka pa mbale, amafunsabe. Anali mtsikana nthawi ya njala ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri m'dziko lija, ndipo Shandong inali m'gulu la zigawo zimene zinavutika kwambiri. Za njalayo sankakamba. Ine ndinkangoona kuti kampunga kamodzi kakagwera pathebulo, amanyowetsa chala, n'kukatola, n'kudya. Zala zawo zinali zopindika ndi ukalamba, koma popinda jiaozi, tija ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi kabichi mkati, palibe mdzukulu amene ankawapeza. Anga ankang'ambika m'mphepete, iwo n'kumawatsekanso mwakachetechete ndikayang'ana kumbali.

Munthu amene moyo wake wonse anali wodyetsa ena, ungamukumbukire ndi chiyani? Mpunga mukuuonawo ndiwo misozi ya bambo akunyumba kwanuwo. Akubweza funso lomwe lija: agogo, mwadya?

Musaganize kuti Atchaina salira. M'midzi amayi amalira mokweza ngati kwathu konkuno. Koma munthu akamwalira atapitirira zaka 80, ana ndi adzukulu alipo, ambiri amawatcha maliro otere xisang, maliro achimwemwe, poti wamaliza ulendo wake bwino. Ngakhale mawu awo opepesera, jie ai, amatanthauza kuti chepetsani chisoni. Bambo akwathu pamaliro anali gwa, akulandira alendo, akuweramira aliyense. Anadzalira patapita miyezi, tsiku lomwe jiaozi anga anaphulikira mumphika, atangoti, "Nainai akanawatseka." Ndiye musawakakamize, komanso musawaone ngati ouma mtima.

Chimene mungawathandize kwambiri n'kuwerenga nawo masiku. Tsiku la 7 limatchedwa touqi, ndipo akuluakulu amati malemu amabwera kudzaona pakhomo, nchifukwa chake amawakonzera chakudya chomwe ankachikonda. Kenako amakumbukira masiku 7 aliwonse kufikira la 49, n'kubwera la 100, la chaka, mpaka zaka zitatu. Confucius, mphunzitsi wakalekale wa ku China, anafotokoza kuti mwana amatsika m'manja mwa makolo atatha zaka zitatu, ndiye kuwalira zaka zitatu n'kubweza chabe. Ife amene timadziwa za kumeta ndi kumanga chiliza sitingadabwe kuti maliro satha tsiku loika. Lembani masikuwa pa kalendala. Bambo anu ali kutali ndi abale awo, ndipo akadzaona kuti mwadzuka m'mawa wa tsiku la 49 mwagula kale zipatso iwo asananene, adzadziwa kuti sali okha.

Za chikhulupiriro sindikubisirani, inenso zinandisautsa. Ndine Mkatolika, ndipo tsiku loyamba atandipatsa timitengo titatu ta lubani manja ananjenjemera. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mpingo wathu unalimbana ndi nkhani yomweyi kwa nthawi yaitali, unailetsa m'zaka za m'ma 1700, kenako mu 1939 Papa Pius XII analola Akatolika kuwerama pamaso pa malemu kapena chithunzi chawo monga ulemu, osati kupembedza. Mipingo ina imaona mosiyana, ndipo Akhristu ambiri a ku China komweko sayatsa lubani, amangobweretsa maluwa, n'kuima chete, n'kupemphera. Chitani chomwe mtima wanu ukulola, koma muwauze bambowo mwaulemu. Chomwe ndikukupemphani n'chakuti musachotse chithunzicho iwo atachokapo, ndiponso musaitane anthu kuti adzapempherere nyumba ngati mwalowa choipa. Bala limenelo silingapole msanga.

Zina n'zing'onozing'ono. Masiku ano pewani zovala zofiira, poti chofiira kwawo ndi cha ukwati ndi zikondwerero. Zoyera kapena zakuda zili bwino, maluwanso akhale oyera kapena achikasu. Ngati akwanu akufuna kupereka chipepeso, chikhale mu envelopu yoyera, osati yofiira. Pakudya musazike timitengo todyera chilili mumpunga, chifukwa zimaoneka ngati lubani wa pamaliro. Ndipo Chaka Chatsopano chawo chikafika n'kuona kuti sakumata mapepala ofiira pakhomo, musadabwe, mabanja ambiri ofedwa amatero.

Pa 4 kapena 5 Epulo pamakhala Qingming, tsiku lolambula kumanda, limene kuyambira 2008 ndi holide ku China. Amazula udzu, amapukuta mwala, amathira tiyi kapena mowa pansi, amawotcha mapepala oyerekeza ndalama, n'kumawauza malemu nkhani zapakhomo ngati ali pomwepo. Amene ali kutali amajambula mzere wozungulira pansi, n'kusiya kakhomo koloza kwawo, n'kuwotchera mkatimo. Ife timachitira kuseri kwa nyumba, ndipo mwana wathu wamkazi, amene Nainai anangomunyamulako kamodzi ali khanda, ndi amene amagwira choko.

Usiku uno, ana akagona, afunseni kuti agogowo ankakonda kuphika chiyani. Mwina adzangoyankha mawu awiri, osadandaula. Ufa wa tirigu, kabichi ndi nyama ya nkhumba zilipo pamsika, ndipo ngati ali jiaozi, ndiuzeni, ndikulemberani mmene Nainai ankakandira ufa wake.